Chingwe cha Pamkono Wamanzere

Tiyamike mwana wanga,

Lero ndi Lachitatu, dzuwa langopendeka kumene, ndipo iwe wapita paboma kukatsanzika anzako. Ine ndakhala pakhonde pano, makina osokera ndawaphimba, ndathothola mapepala m'kope lija ndimalembamo miyeso ya makasitomala. Ndasankha kulemba chifukwa ndikangotsegula pakamwa umandidula ndi funso lako lija lakuti, "Amayi, mankhwala mwamwa?" Ndamwa. Tsopano khala pansi uwerenge mpaka pothera.

Ndatsegula sutikesi yako. Inde ndatsegula, ukandisumire kumene ukufuna. Munthu wopita kudziko lozizira kukakhala zaka zitatu salongedza madiresi awiri ndi patapata. Jekete imene ndakhala ndikukusokera milungu iwiri waikoleka kuseri kwa chitseko ngati ya mlendo. Ndinakubala ndine, Tiyamike, ndipo nzeru yakoyo ndaiona kale. Mawa ukwera nane minibasi, tikafika ku Limbe unena kuti, "Ndikuperekezeni kaye kuchipatala." Ukhala pambali panga maola onse aja makina akusefa magazi anga kudzera pa chubu cha pakhosichi, ndege ku Chileka inyamuka, ndiye iwe ubwerera kuno ku Kaduya n'kumauza anthu kuti inakusiya. Iyayi, mayi. Zimenezo sizichitika ine ndili maso.

Ndikudziwa amene wakubweza m'mbuyo. Ndi amalume ako a Fulaye, Lamulungu lija atabwera kuchokera kutchalitchi n'kukhala pampando wanga wosokera osapempha. Unali kuseri ukupeta nandolo, koma lichero linasiya kulira, ndiye ndikudziwa kuti unamva zonse. Anati, "Chemwali, mwana wamkazi sasiya make ali ndi chubu pakhosi. Mudzi utiseka. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo." Mawu amenewo unawameza. Koma yankho langa sunalimve bwino chifukwa unathawira kudimba ukulira, ndiye ndikubwerezera. Ndinati, "Achimwene, mbumba ndi yanu, sindikukana, koma impso zafazi ndi zanga. Mwanayu akakhala pano azidzandisefa magazi ndi lichero? Inuyo chiyambire kudwala kwanga mwandiperekeza kangati ku Blantyre?" Anayang'ana phiri la Michesi ngati aliona koyamba. Ndinawakumbutsanso kuti ifeyo kuno tinachita kubwera, agogo athu anawoloka kuchokera ku Mozambiki atasiya makolo awo kutsidya, ndipo akanamvera malangizo ngati awowo bwenzi a Fulaye kulibe. Anatenga njinga yawo osatsanzika.

Ndikufuna udziwe kuti ntchito ukukaigwirayo ndinaimvetsa. Umaganiza kuti ndinangogwedeza mutu mwaulemu tsiku lija unathyola mapesi awiri a masamba a papaya, aja obowoka m'kati, n'kuwagoneka limodzi patebulo langa. Unati m'mkono muli mtsempha wina wothamangitsa magazi kuchokera kumtima ndi wina waulesi wowabweza. Makina osefa amafuna magazi ambiri, ndiye madokotala amalumikiza mitsempha iwiriyo kuti waulesi uja ukule, ulimbe, uzilandira singano. Amati fisitula ya pamkono, osati ija imavutitsa amayi pobereka. Ineyo anandilumikiza ndi mpeni ndi ulusi. Koma unati kunjako ayamba kulumikiza osang'amba. Amalowetsa kachubu kowonda mumtsempha uwu, kena mumtsempha uwo, timaginito n'kukokana, kenako amatentha pang'ono pakati n'kutsegula khomo. Vuto lake n'lakuti timachubuto anatipanga ndi muyeso woikiratu, pamene mikono ya anthu ndi yosiyana, wina mitsempha yake ndi yoonda, wina yatalikirana, wina yakhota. Iwe ukufuna kachubu koti dokotala azitha kukasuntha ndi kukachepetsa kali m'kati momwemo, akuonera pa sikani, mpaka kagwirizane ndi mkono umene uli patsogolo pake. Kodi ndanama? Telala ndi munthu womva za miyeso, mwana wanga, usandiyese chitsiru.

Tsono tamvera zolakwa za mayi wako, chifukwa chuma china choti ndikupatse ndilibe.

Chaka chimene ndinagula makina awa, iwe uli kumsana, aphunzitsi aakulu a sukulu ina ya kufupi ndi dambo la Chilwa anandipatsa ntchito yosoka mayunifolomu a atsikana a kwaya. Ndinanyada ngati ndapata dziko. Ulendo wopita kukayeza ana ndinauona kutalika, matope ali tho, ndiye ndinayeza mwana mmodzi wa mnansi wanga, wonenepa bwino, wodya kawiri patsiku. Ndinadula pepala limodzi, nsalu yonse n'kuidula motsatira pepala limenelo. Nditapita nazo zovalazo, ana aja anatuluka m'kalasi atavala, ndipo aphunzitsi anagwira pakamwa. Ana a asodzi, oonda ngati bango, madiresi akukwekwereza pansi, makosi akutsikira m'mapewa. Mmodzi wamtali diresi inamuthera pamwamba pa mawondo, ndipo m'msoko sindinasiyemo nsalu yoti n'kufutukula. Kamtsikanako kanalira anzake akukaseka. Ndinabwerera nazo pamutu, ndinaphwasula zonse, ndipo m'mudzi umenewo anandipatsa dzina loti Mayi Saizi Imodzi, mpaka lero alipo amandiitana choncho pamsika. Kuyambira pamenepo sindidula nsalu ndisanamugwire mwini wake, ndipo m'msoko uliwonse ndimasiyamo chala chimodzi. Iwe ukukapeza anthu ophunzira kwambiri amene anayeza mikono ya kwawo, ya anthu okhuta, n'kudula pepala lawo. Si anthu oipa, ndi aulesi ngati mmene ndinalili ine. Uziwafunsa tsiku ndi tsiku kuti, kodi mwayeza ndani? Akatopa nawe, uziwafunsabe.

Cholakwa chachiwiri ndi ulemu. Inde, ulemu umene ndinakuphunzitsa ndekha, wogwada ndi kuyang'ana pansi. Zaka zonse mutu ukundiwawa, miyendo ikutupa, ndinkangogula timapiritsi ta pagolosale n'kumeza awiriawiri kuti ndimalize madiresi a Khrisimasi. Atandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, ndinamwa mankhwala mwezi umodzi, nditamva bwino n'kusiya. Sindinafunse kuti ndikasiya chichitike n'chiyani. Impso zitayamba kufooka, aliyense wobwera ndi singano ndinkamutambasulira mkono uliwonse umene waloza, lero diripi uku, mawa kutenga magazi uko, ine ndili "Zikomo adokotala." Kunalibe amene anandiuza kuti mitsempha imatha, ndipo ine sindinafunse. Pofika tsiku loti andilumikize, dokotala anayendetsa kamakina kake pamkono, n'kupukusa mutu, amvekere, "Mayi, mitsempha yanu ndi yoonda, ndipo yambiri yapsa ndi singano." Anayesa koyamba pamene pamakhala wotchi. Tinadikira milungu, mtsempha osakula, ntchito yonse n'kupita pachabe. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya ndi manja awiri. Iweyo kumeneko usakagwade. Ukapanda kumva, unene kuti sindinamve. Ukaona kuti alakwitsa, unene kuti apa mwalakwitsa, ngakhale akhale wa imvi mpaka m'makutu. Moni uziwapatsa, koma maso ako azikhala pa nkhope zawo.

Tsopano ndikuuze chimene sindinakuuzepo. Iwe umadziwa kuti fisitula yanga yachiwiri, ya pachigongono chamanzere, inangofa yokha iwe uli ku koleji chaka chomaliza. Ndinakunamiza. Sinafe yokha.

Imeneyo inagwira bwino zedi. Atandisoka, namwino wina wamfupi wolankhula mokalipa anatenga zala zanga n'kuziika pabalapo. Ndinamva chinthu chikunjenjemera pansi pa khungu, nziii, ngati foni ikamaitana mwakachetechete m'thumba. Ndinachotsa dzanja msanga. Iye anaseka, n'kunena kuti, "Mayi, umenewu ndiye moyo wanu. M'mawa uliwonse muziugwira. Musagonere mkono umenewu, musanyamulire ndowa, musavale chothina, wina asakuyezeni magazi kapena kukubayani pamenepa. Ukadzangoti zii, thamangani kuno." Ndinamva zonse, ndipo miyezi isanu ndinasunga. Chubu cha pakhosi anachotsa, ndinasamba thupi lonse koyamba, madzi kuchokera kumutu, ndikuimba. Mtsempha unakula, unatukuka ngati chala, ukuoneka pansi pa khungu.

Kutukukako ndi kumene kunayambitsa nkhani. Kumaliro kwa a Mbewe, tikutsuka mbale, mayi wina anandigwira mkono kuti adutse, ndipo anakuwa n'kutaya mbale. Pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa kuti m'mkono mwa telala muli chinthu chamoyo. Ena amati anandiponyera ndi telala mnzanga wa pamsika, ena amati ndinachitenga ndekha kuti makasitomala azibwera. Azimayi anasiya kubweretsa ana kuti ndiwayeze. Kutchalitchi benchi yanga inayamba kukhala ndi malo ambiri. Ndinkafotokoza za mitsempha, anthu n'kumangoti "Eya, eya," uku akusendera kutali. Ine amene ndimayankha aliyense, zinandilowa mumtima. Ndinayamba kuvala malaya a manja aatali mu Okutobala.

Ndiye anabwera amayi ako aakulu a Firida, mkulu wanga wa bere limodzi, amene anandilera amayi athu akudwala. Anabwera ndi chingwe chakuda chopota, cha mankhwala, atachitenga kwa munthu wina kutsidya la dambo. Sanabwere mwankhanza, anabwera akulira. Anati, "Mng'ono wanga, chinthuchi chikukwera. Chikafika pamtima tikutaya. Tingochimangira panjira kuti chisapitirire, za kuchipatalazo uzipitabe." Tamvetsa bwino apa, Tiyamike, chifukwa sindikufuna udzadane ndi a Firida. Sanandigwire, sanandikakamize. Mawu a namwino uja ndinali nawo m'mutu onse. Ndinadziwa kuti m'mkono mulibe chilombo. Koma ndinatopa ndi kusalidwa, ndinafuna kuti anthu aone chingwe n'kunena kuti telala wathandizidwa, abwererenso pakhonde panga. Ndinapinda malaya ndekha, ndinatambasula mkono ndekha. A Firida anazunguliza chingwe pamwamba pa chigongono, anakoka, n'kufunsa kuti, "Chathina?" Ine ndinati, "Kokaninso."

Linali Lachisanu masana. Loweruka mkono unatupa, ndinati ndi mankhwala akugwira ntchito. Lamulungu ndinapita kutchalitchi manja a malaya nditapinda kuti onse aone, ndipo azimayi anandikhala pafupi, wina mpaka anandibwereka buku la nyimbo. Lolemba m'mawa, ndikudikira minibasi pamsewu, ndinaika zala pachigongono. Zii. Ndinasuntha zala, ndinakanikiza, ndinaika khutu ngati wamisala anthu akundiona. Zii. Kuchipatala namwino wamfupi uja anadula chingwecho ndi sizasi, sanakalipe n'komwe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anangochiika m'dzanja langa n'kupita kukaitana dokotala. Magazi anali ataundana. Tsiku lomwelo anandibwezera chubu pakhosi, chimene ukuchionachi, chimene chandigonetsa kale kawiri ndi malungo a m'magazi. A Firida anabwera kudzapepesa atagwada pabwalo, koma pepani sapoletsa chilonda, ndipo wopepesa weniweni ndinayenera kukhala ine.

Ukuona tsono? Ndinapha mkono wanga kuti anthu a pa Kaduya asandinene. Anthu omwewo lero akukunena iwe, ndipo iwe wayamba kupinda malaya. A Fulaye abwera ndi chingwe chawo, nawonso akulira, nawonso akuti n'chikondi. Ukatambasula mkono, Lamulungu adzakukhalira pafupi kutchalitchi, adzati mwana uyu ndi womvera. Ndipo tsiku lina m'mawa udzaika zala pa chinthu chija chimanjenjemera mwa iwe ukamakamba za timachubu tako, chija chimakuiwalitsa kudya, n'kupeza chili zii. Ine ndamva kale kuti zii wake amawawa bwanji, ndipo sindilola kuti mwana wanga amumvenso.

Usaganize kuti kukhala ndi mayi wodwala ndi chinthu chimene sindikuchidziwa. Ndili mtsikana ndinapeza malo pa fakitale ina yosoka zovala ku Blantyre, ankati akandiphunzitsa kudula masuti. Katundu ndinamanga. Amayi anga anagwa ndi chifuwa sabata yomweyo, achibale anasonkhana, mawu ake omwewa, ndipo ndinamasula katundu. Amayi anachira mvula isanagwe, anakhala zaka zina makumi awiri akuyanika makaka ndi kutukwana nkhuku. Koma ine sindinawakhululukire. Ndinkawaphikira kalongonda, ndinkawasambitsa atakalamba, koma mbale ndinkaiika pansi mwamphamvu, ndipo iwo ankamva. Tsiku lina anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndani anakuuza kuti ukhale? Ine sunandifunse." Zoona, sindinawafunse. Iwenso sunandifunse, wamvera amalume ako. Ndikuyankha ngakhale sunafunse: pita. Sindikufuna kudzamva mbale ikuikidwa pansi mwamphamvu m'nyumba mwanga.

Za ine usade nkhawa mopitirira. Lolemba ndi Lachinayi a Firida ndi amene azindiperekeza, anapempha okha, ndipo ndawalola chifukwa munthu uyenera kumupatsa pogwira kuti mtima wake upepuke. Madzi ndikumwa a m'kapu yaing'ono ija basi, ngakhale kukhosi kuume bwanji. Nthochi ndinasiya, mchere ndinasiya, moti chakudya changa n'chozizira ngati cha mkaidi. Mkono wamanja ndikuusunga ngati dzira. Sabata yatha mnyamata wina watsopano kuchipatala anabwera ndi singano akuloza kumanja, ndinamuuza kuti, "Bambo, bayani kuseri kwa dzanja, kumtundaku kuli mwini wake." Anadabwa, koma anamvera. Mtolo wa nkhuni sindinyamula, ndowa sindinyamula, ndipo wina akadzabweranso ndi chingwe adzachidya.

Koma sindikunamiza kachiwirinso. Dokotala anayeza mkono wamanjawu ndipo anati mitsempha yake ndi yoonda kuposa ya kumanzere, akuopa kung'amba pachabe. Ndinakufunsa tsiku la mapesi a papaya lija kuti kachubu kako kadzatha liti, ndipo unayang'ana kumbali n'kunena kuti zinthu zotere zimatenga nthawi, aziyesa kaye, aziyesanso. Ndinamva chimene sunanene. Mwina mkono uwu udzakadikira, mwina ayi. Ndikuopa, Tiyamike. Tsiku lililonse akamatsegula bandeji ya pakhosi ndimayang'ana nkhope ya namwino kuti ndione ngati pali mafinya. Ndikuopa kufa iwe uli kutali. Koma ukakhala pano mantha amenewa sachoka, tizingoopa awiri, ndipo kachubu kaja kadzapangidwa ndi anthu amene sanaonepo mkono ngati wanga.

Zina ndi zazing'ono, koma umve. Uzidya, chifukwa ukagwira ntchito umaiwala pakamwa ngati malemu bambo ako. Akakuseka kalankhulidwe, uwauze kuti iwe zilankhulo uli nazo zitatu, iwo awerenge zawo. Akanena kuti chipangizo chotere kwanu sangachikwanitse, n'chodula, usaseke nawo pofuna kuoneka wochangamuka, uwauze kuti ndiye tipange choti achikwanitse. Ukakapeza mwamuna, zili ndi iwe, koma ayambe wamva za timachubu tako ola lathunthu osayasamula. Ndipo chinthu chako chikadzatha, usadzaiwale kuti munthu wochilandira akubwerera kumudzi kumene kuli a Firida ake. Pakhale wina womufotokozera iye pamodzi ndi abale ake, m'chilankhulo chawo, kuti kunjenjemerako n'chiyani. Awagwiritse ndi zala zawo asanatuluke pachipata. A Firida akanagwira mkono wanga pamaso pa namwino uja, bwenzi lero ndikusamba kuchokera kumutu.

Tsopano katenge jekete ija kuseri kwa chitseko. Upapase m'munsi mwake, mkati, kumanzere. Ukumva timfundo? Usaphwasule lero, ukaphwasulire kumeneko.

Mwezi wathawu ndakhala ndikupita kumakina ndi tepi yanga m'chikwama. Anzanga amene timagona nawo moyandikana, aliyense ndi makina ake, ndinawayeza mikono pamwamba pa chigongono, mmodzimmodzi. Anamwino ankaseka kuti telala wayamba kusoka malaya a odwala. Muyeso uliwonse ndinaudula pa kansalu, ndinalemba dzina ndi bolopeni. Muli a Jenifa a ku Chiradzulu amene anawang'amba katatu osagwira. Muli aphunzitsi ena opuma amene amatiwerengera nyuzi. Muli mtsikana wa msinkhu wako amene mkono wake ndinauzunguliza ndi zala ziwiri. Tinsalu tonse ndi khumi, ndipo awiri mwa eni ake mabedi awo agonapo kale anthu ena. Ndikudziwa chimene unene, kuti tepi ya telala siyeza za m'kati, kuti inu mumayeza mitsempha ndi sikani. Ndikudziwa, sindine mbuli. Sindinakupatse kuti ukawerengere masamu. Ndakupatsa kuti tsiku limene akuluakulu ako adzanene kuti muyeso umodzi ukukwanira, udzatulutse tinsaluti n'kutiyala patebulo pawo, aone okha kuchepa kwake.

Cha khumi ndi chimodzi si kansalu. Ndi chingwe chakuda chija. Sindinachitaye. Namwino anadula pambali, mfundo ya a Firida ikadali pomwepo, ndiye ukalumikiza podukapo upeza muyeso wa mkono wa mayi wako, wothina ndi chala chimodzi chifukwa cha "Kokaninso" uja. Ndachisokera pamodzi ndi enawo. Chichoke m'nyumba muno, chikaone kumene chinkafuna kukuletsa kupita.

Mawa zikhala chonchi. Tidzuka, usamba, uvala jekete ngakhale kutenthe. Sutikesi ndailongedzanso ndekha, zonse zimene unabisa pansi pa bedi zalowa, ndi nandolo wouma pang'ono ngati a kubwalo la ndege angakulole. A Fulaye akabwera kudzaima pamsewu uwapatse moni mwaulemu n'kukwera. Tikafika ku Limbe, ine ndi a Firida titsika n'kukwera yopita kuchipatala, iwe ukwera ya ku Chileka. Sitilirana pa siteji, anthu angatibere katundu.

Ndipo umve ichi, chifukwa ukundidziwa kuti ndikalumbira sindibweza. Ndikadzangoona nkhope yako pakhomo la chipinda cha makina mawa, ine pabedi paja sindigona. Ndidzakhala pabenchi panja, chitenje chitaphimba chubu cha pakhosi, ndipo anamwino akadzafunsa ndidzawauza kuti afunse mwana wanga. Udziwa wekha chimene chimachitika m'thupi langa ndikadumphitsa tsiku. Ndiye ngati ukufunadi kuti mayi wako asefedwe magazi mawa, njira yake ndi imodzi yokha, ndipo ikudutsa ku Chileka.

Ukafika, uimbe. Ukadzamva kuti zavuta kuno, ulire kumeneko, upukute maso, ubwerere patebulo pako, a Jenifa akudikira. Koma ine sindinanene kuti ndikupita kulikonse. Mkono wamanjawu ndaupinda malaya, ndauika pamwendo, ndipo sindikuupereka kwa wina aliyense.

Ndi wako. Fulumira.

Ndine mayi wako,
amene pamsika amati Saizi Imodzi